Sabata imodzi ku Lilongwe, kalata yopempha njinga ili m'chikwama

Lolemba, 2 Juni

Ndafika ku Lilongwe dzuwa litapendeka, msana uli gwa. Basi inanyamuka pa Balaka m'mamawa koma inkangoima paliponse: pa Ntcheu, pa Lizulu pomwe anthu anatsika kukalimbirana kabichi ndi kachewere, pa Dedza pomwe kamphepo ka Juni kanatilowa mpaka m'mafupa, kenako pa Nathenje. M'chikwama muli zovala, kathumba ka malambe ka ana, ndi kalata imene ndakhala ndikuisisita njira yonse kuti ndimve ngati ikadalimo.

Kalatayo ndi ya gulu lathu la amayi pa sekondale yoyendera ya kwathu, ndipo msungichuma wake ndine. Tili ndi atsikana amene amadzuka tambala woyamba, kutunga madzi, kusesa, n'kuuyamba wa kusukulu. Pofika, phunziro loyamba latha, miyendo ili mbuu, maso ali pa tulo. Makolo ena amawapezera tizipinda ta lendi pafupi ndi sukulu, koma zimene zimachitika m'tizipindamo tonse timazidziwa ngakhale pamsonkhano sitizitchula. Ndiye tinagwirizana zopempha njinga 30. Ahedi analemba m'Chingerezi chosalala, amfumu anadinda, kenako onse anatembenukira kwa ine: "Amayi, inu muli ndi alongo anu ku Chinsapo, simukavutika pogona. Mabungwe onse ali ku Lilongwe."

Nditatsika minibasi ku Chinsapo, anyamata a njinga zamoto anandizinga ngati njuchi, koma ine ndinakodola wa kabaza yakapalasa, ya kakhushoni kofiira pakaliyala. Sindinafune kufa tsiku lofika.

Mlongo wanga ali ndi njinga yakale ya Hero imene inapachikidwa pakhonde chiyambireni ntchito ku Kanengo. Nditamuuza kuti sabata ino ndiyendera imeneyo, anaseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, kuno si ku Balaka. Kuno minibasi siidziwa munthu." Ndamuyankha kuti wopemphera njinga ana a eni ayambe walawa yekha. Komanso, tikanena chilungamo, thiransipoti imene gulu landipatsa ndi yoperewera.

Lachiwiri, 3 Juni

Pa wailesi m'mawa uno anena kuti lero ndi tsiku lokumbukira njinga pa dziko lonse, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2018. Ndinakankha Hero ija kupita nayo pa siteji ya kabaza yakapalasa kukabwereka pampu, n'kuwauza anyamata a pamenepo za tsikuli. Mmodzi anandiyang'ana: "Ndiye atipatsa chiyani, masteni?" Onse anafa nako kuseka. Dzinalo ndalilandira, poti kuno mayi aliyense wa msinkhu wanga ndi masteni.

Ndinkati ndingopopa n'kuchoka, koma ndachokapo nkhomaliro itadutsa. Chimene chinandikhazika pansi ndi kope. A tcheya a pasitejipo, bambo wa timvi tochepa amene anayamba kupalasa njinga zamoto zisanadzaze mzinda, anatulutsa m'jumbo kope lachikuto cholimba, lothimbirira ndi gilizi. M'menemo muli dzina la aliyense, mudzi wa kwawo, mfumu yake, ndi nambala imene inalembedwa ndi penti pa madigadi a njinga yake. Munthu sangangobwera n'kuimika njinga pamenepo. Amalipira yolowera, ndipo pamafunika mboni yodziwa kumene amagona, chifukwa akadzathawa ndi thumba la ufa la kasitomala, manyazi ndi a siteji yonse. Tsiku lililonse aliyense amaponya kangachepe kwa mlembi. Woyamba kufika ndiye woyamba kunyamula; wolanda kasitomala wa mnzake amalipa chindapusa, ndipo wobwera akununkha kachasu amabwezedwa kunyumba tsiku limenelo.

"Nanga ndalamazo zimapita kuti?" ndinafunsa, poti ndi funso limene ine amandipanikiza nalo mwezi ndi mwezi.

Anatsegula kumapeto kwa kope, chala chikutsika ndi mizere. Uyu anagundidwa, tinamugulira mankhwala ndi ufa. Uyu mwana anamusiya, tinathandiza pa bokosi n'kuperekeza maliro ku Mitundu, tonse pa njinga. Uyu anamubera njinga usiku, tinamuonjezera pogula ina. Ambiri mwa anyamatawa njinga si zawo; eni ake ali kunyumba, ndipo madzulo amakatula ndalama ya tsikulo, kaya anyamula kaya sananyamule. N'chifukwa chake mkati mwa gululi muli kagulu kena ka chipereganyu, kuti mmodzimmodzi agule yakeyake. A tcheya ati chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala, chubu ndi tcheni zonse zinakwera, poti n'zochokera kunja, pamene kasitomala akufunabe mtengo wakale. Adandaulanso za m'mphepete mwa phula modyeka ndi madalaivala oima paliponse. Njinga zamoto nazo zinawalanda anthu achangu. Amapumako mafuta akasowa: mizere ikatalika m'malo omwetsera mafuta, ngakhale abwana a tayi amakhala pa kakhushoni, chikwama chili pamiyendo.

Ine ndabwera kudzafuna mabungwe a zikwangwani ndi alonda pageti. Ili lilibe ofesi, lilibe chidindo, limakumana pansi pa mtengo wa keshya. Koma kope lawo likuposa langa, ndipo zandiwawa pang'ono.

Lachitatu, 4 Juni

Lero ndi limene ndinati ndikapereke kalata. Sinaperekedwe.

Ndinanyamuka 7 koloko nditavala thalauzi mkati mwa chitenje. Ife amene tinakula lamulo la 1973 loletsa akazi thalauzi likadaluma, mpaka pano timaibisa. Ndinatsata msewu wa Likuni, kulowa Old Town, n'kukhotera mu Kenyatta kulunjika ku City Centre. Ukakhala pa chishalo m'pamene umauona bwino mzinda uno. Likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo amene anaujambula anaumwaza ngati mbewu ya mapira: Area iyi apa, thengo, Area ina uko, manambala osatsatana n'komwe. Pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango yeniyeni m'mbali mwa Lingadzi, momwe amasungiramo nyama zakutchire. Maofesi ali pakati, koma amene amawasesa ndi kuwalondera amagona ku Chinsapo, ku Mtandire, ku Kauma, ku Area 25, ku Area 36, ndipo m'mawa onsewa amakhala mumsewu, ena wapansi ena pa njinga. Malo ake ndi athyathyathya, zitunda zake n'zofatsa, osati za ku Blantyre zija zothyola mawondo. Njinga ikanakhala pakwawo kuno, kungoti amene ankayeza misewu ankaganiza kuti aliyense adzakhala ndi galimoto.

Tsoka linandipeza nditapatuka mumsewu waukulu. Minibasi inandipitirira n'kuima patsogolo panga penipeni, kondakitala ataona munthu akukweza dzanja. Ndinathawira kumbali komwe phula linabenthuka, wilo lakumbuyo linagwera m'ngalande, ine uku njinga uko. Kondakitala anangosuzumira pazenera: "Masteni, njinga n'za kumudzi!" Bondo lasupuka pang'ono basi, koma wilo linapindika, masipoko anayi ali lendelende. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Ndinaikankha mpaka pa bambo ena okonza njinga pansi pa mtengo. Katundu wawo yense ndi bokosi lachitsulo, beseni la madzi akuda loyeseramo machubu, ndi tayala lakutha lopachikidwa panthambi m'malo mwa chikwangwani. Anaigadamiza njinga n'kuyamba kuzungulitsa wilo, chala chachikulu chili pafupi ndi limu. Sayang'ana kwambiri, amamvera. Sipoko iliyonse amailiza ngati nsambo ya bangwe, yolira motsika amaikunga ndi kakiyi kozungulira, pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali inayo, mpaka wilo linasiya kuvina. Anandionetsanso kuti kotapini yatha, n'chifukwa chake pedulo inkagogoda, ndi kuti mabolo a mu habu auma, akufuna gilizi.

Pambali panaima njinga yakuda yamafupa okhuthala, ya Buffalo. Izi ndimazidziwa. Ndi za bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005 pothandiza anthu a ku Sri Lanka amene anasesedwa ndi tsunami ya mu Disembala 2004, kenako n'kubwera ku Africa. Za kuno zimamangidwa mu Lilongwe momwe muno. Kaliyala yake inapangidwa kuti isenze makilogalamu 100, ndipo buleki umaigwira popondera pedulo chobwerera m'mbuyo, ndiye palibe tizingwe toduka. Bambo aja anaimenya pa chishalo ngati akuyamikira ng'ombe. "Iyi siibwera kawirikawiri. Koma imabwera ndithu. Palibe njinga yosadwala."

Atandifunsa kumene ndimalowera, ndinawafotokozera za kalata. Anafunsa kuti tapempha zingati. Nditati 30, anatola sipoko yothyoka n'kuyamba kulemba pansi. Njinga 30, mawilo 60. Wilo limodzi masipoko 36. Anachulukitsa pafumbi pomwepo: 2,160. "Machubu 60, matcheni 30. Misewu ya kwanu ndi yafumbi, minga ili paliponse. Mayi, pofika Khirisimasi adzakhala akumata ndani? Kalata yanu yamutchula?"

Sinamutchule. Ili ndi ndime yonse yonena za mtunda, ina yothokozeratu, koma ya ameneyo mulibe.

"Walira mvula walira matope," anatero akundibwezera chenji.

Nthawi yopitirira inalipo, koma ndinatembenuza njinga. Mlongo wanga ndamuuza kuti ndabwerera chifukwa chitenje chinada.

Lachinayi, 5 Juni

Thupi lonse likuphwanya, makamaka kumene sindingalembe pano. Sindinatuluke. Madzulo alamu analandira anzawo a banki m'khonde, ndi bokosi lawo la maloko atatu, makiyi ali kwa amayi atatu osiyana. Mmodzi, wogulitsa tomato, ngongole yake yoyamba anagulira njinga. Mwana wake wamwamuna amapita nayo ku msika wa Wakawaka mbandakucha kukapikula, ndipo ndalama imene inkathera pa minibasi tsopano ikutsala m'nyumba. Ndinamufunsa chifukwa chake sapalasa yekha. Anagwira pakamwa: "Mu tauni muno? Anthu angati chiyani?" Zandidabwitsa. Kwathu mayi amapalasa mwana ali kumsana, thumba la chimanga pakaliyala, wa kuchigayo, palibe amacheuka. Dzulo njira yonse amayi apanjinga amene ndinawaona sanakwane zala za dzanja limodzi, kuwerengera ndi ine ndemwe.

Usiku mwana wa mlongo wanga anabwera ndi foni: "Azakhali, taonani mmene a Buffalo amachitira m'sukulu." Samangotsitsa m'lole n'kujambulitsa. Anthu a m'deralo amasankha komiti yoyang'anira, mwana ndi makolo amasaina pangano loti njingayo ndi yopitira kusukulu, atsikana ndiwo amapatsidwa zambiri, ndipo amaphunzitsa munthu wa komweko kukonza n'kumupatsa zida. Ndiye kuti funso la bambo a dzulo aja eni ake analiganizira kalekale. Ife tokha ndi amene tinalemba ngati tikupempha mabulangete.

Lachisanu, 6 Juni

Alamu anandidzutsa 4 koloko kuti tikagule makala kumsewu asanafike kwa ogulitsa a m'misika. Kunja kunali chisanu chobaya. Mu mdima munkangomveka kulira kwa mawilo, kwii kwii, kenako zinayamba kuoneka: njinga zosenza matumba atatu, zina anayi, osanjikizana kupitirira mutu wa mwini wake, zikubwera pamzere kuchokera ku Dzalanyama. Ambiri sapalasa, amakankha, chifuwa chili pa handulo, usiku wonse. Njinga zawo zinasiya kale kukhala mmene zinatulukira kufakitale: kaliyala yowotcherera ndi zitsulo zomangira nyumba, mitengo iwiri yochirikiza m'mbali, masipoko okhuthala, ndipo pa chitsetse buleki yeniyeni ndi nsapato ya tayala imene amapondetsa pa wilo. Sayenda mmodzimmodzi. Njinga yotere ikagwa munthu mmodzi sangaidzutse, ndiye amayenda anayi, asanu, pampu imodzi, ndipo wina tayala likaphulika onse amaima.

Ndikudziwa bwino kuti ku Dzalanyama n'kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a ku Malingunde, madzi amene mzinda wonse ukumwa, ndi kuti nkhalangoyo yadyedwa mpaka boma linafika potumizako asilikali. Ndikudziwanso kuti tiyi amene ndamwa titabwerako anawira pa makala omwewo. Za mitengo sindinawafunse. Ndinangofunsa mmodzi ngati mawondo samupweteka. Anati amapweteka akakhala pansi.

Masana ndinakweza alamu pakaliyala kupitirira Likuni, kukaona amayi awo aang'ono kumudzi. Kumeneko ndaona chinthu chimene chindisowetse tulo. Kuseri kwa nkhokwe ya amfumu kuli ambulansi ya njinga, kangolo kaja ka kamatiresi ndi kadenga ka tenti. Matayala ali phwa, ndipo pogona wodwala nkhuku ikukhalira mazira. Amayi aang'onowo anati inabwera ndi bungwe lina zaka zapitazo, kunali magule ndi zolankhula, ndipo inanyamuladi amayi oyembekezera ambiri kupita nawo kuchipatala. Kenako tayala limodzi linang'ambika. Komiti inati tisonkhe, ena anati chaulere tisonkherenji, wosunga kiyi anasamukira ku Mchinji, njinga yokokera inabwerekedwa kumaliro osabwerako. Palibe anaba, palibe anakangana. Inangoima.

Ndinaima pamenepo n'kuona njinga zathu 30 zili kuseri kwa ofesi ya ahedi, nkhuku zili pamwamba.

Loweruka, 7 Juni

Ndinatuluka m'mawa kukayesa wilo pa msewu wa bayipasi, cha kumene umakakumana ndi wa ku Mchinji, ndipo anthu ena apanjinga anandipitirira ngati mbalame: zisoti kumutu, magalasi akuda, zovala zothina zoti agogo anga akanatseka maso. Ndinawapeza ataima akudikira mnzawo. Mtsikana mmodzi, yekhayo wamkazi pagulupo, anandilonjera: "Anti, mwatipeza ndi Hero? Ulemu wanu!" Anandilola kunyamula njinga yake. Ndinaikweza ndi zala ziwiri; yanga imafuna manja awiri ndi kubuula.

Amapangana pa WhatsApp, amakumana Loweruka m'mamawa, lero anali pa ulendo wa ku Chitedze n'kubwerera. Ali ndi malamulo awo: wopanda chisoti sayenda nawo, wina amatsalira dala kumbuyo ndi chubu chapadera kuti wofooka asasiyidwe, wakutsogolo akaona dzenje amaloza kuti onse alizembe. Ndinaseka mumtima, poti ndi malamulo omwe aja a anthu a makala, kungosiyana fungo la sopo. Anandikumbutsanso za Africycle ku Zomba, amene amabweretsa njinga zakale kuchokera ku Canada, kuzikonza n'kuzigulitsa. Zomba! Ine ndadutsa Ntcheu ndi Dedza kufuna chinthu chimene ndikanachipeza pongowoloka Shire pa Liwonde.

Nditafunsa chimene chimawavuta, anatchula phula lodyeka m'mbali, minibasi zoima paliponse, madalaivala amene amaona wapanjinga ngati chitsa. Ndendende zimene a tcheya anandiuza Lachiwiri. Ndinafunsa ngati anakhalapo pansi ndi a kabaza. Anayang'anana. Mmodzi anati ndi maganizo abwino, ndi mawu aja amene munthu amayankhira mlendo. Sindikuwanena, ndi ana aulemu. Koma awa amadziwana ndi anthu a ku Capital Hill ndipo makalata amawadziwa kulemba, pamene a kabaza ndi ochuluka moti atangopachika njinga zawo tsiku limodzi, misika ndi maofesi zingatsegule mochedwa. Tili chiimire, anthu a makala anadutsa akubwerera, matumba opanda kanthu atawapinda pakaliyala. Sipanamveke ngakhale moni wa belu.

Lamulungu, 8 Juni

Titaweruka ku tchalitchi ndinakhala pamkeka ndi kope latsopano n'kulembanso kalata, m'Chichewa kaye. Njinga 30 zija ndazitsitsa kufika pa 15, za atsikana akutali kwenikweni. Ndaonjezera kuti atiphunzitsire anthu awiri kukonza, ndipo mmodzi ndamuona kale mumtima: mtsikana wina amene anasiyira Fomu 2, ali pakhomo ndi mwana, wamanja anzeru, amene amakonza yekha wailesi ya agogo ake. Ndalembanso zimene ife tidzachite, zomwe m'kalata yoyamba munalibe ngakhale mzere umodzi: kholo lililonse kuponya kangachepe pamwezi, ndalamazo m'bokosi la maloko atatu, njinga iliyonse nambala pa madigadi, ndipo sukulu ikatsekera zonse zizigona malo amodzi, kuopa abambo ena angamapite nazo kumowa.

Ndinaimbira ahedi. Anakhala chete nthawi ndithu, kenako anati, "Ndiye kuti mwapita ku Lilongwe, mwadya thiransipoti ya gulu, kalata mukubwera nayo?" Ndinavomera. Anati amfumu afunika kudindanso, ndipo nkhani yosonkhetsa makolo ikaphulitsa msonkhano. Sakunama. Ndawauza kuti za nkhuku ija ndikafotokoza ndekha.

Lolemba, 9 Juni

Ndalama imene ndapulumutsa posakwera minibasi sabata yonse ndagulira mu Malangalanga pampu, kakiyi ka masipoko, masipanala awiri, solushoni ndi zigamba. Malisiti ndatenga onse, a tcheya asandiposenso. Kenako ndinapalasa komaliza kupita kwa bambo aja a pansi pa mtengo, kukawafunsa ngati angalandire wophunzira mwezi umodzi, azigona kwa alamu. Anafunsa ngati ndi mnyamata. Nditati ndi mtsikana, ndipo abwera ndi mwana kumsana, anapukuta manja pa ovolosi kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti abwere ndi sanza yakeyake yopukutira ndipo awenge zikhadabo.

Hero ndaibweza kwa mwini wake ili bwino kuposa mmene ndinaipezera. Sanaipachikenso, akuti mawa ayesa kupita nayo ku Kanengo, ngakhale alamu akubetcha kuti safika n'komwe pa mlatho wa ku Area 18. Ndikulemba izi basi ili pa depoti ikudikira kudzaza, pampu ili pamiyendo chifukwa m'chikwama yakana kulowa.